Umboni wa Kaliwo Wosweka m'Chigwa cha Shire

Nthaka ya m'maboma a Chikwawa ndi Nsanje siinapume chiyambire chaka cha 2015. Madzi osefukira a mu Januwale chaka chimenecho, namondwe wa Idai mu Malichi 2019, wa Ana mu Januwale 2022 ndi wa Freddy mu Malichi 2023, onsewa anagumula magombe a mitsinje ya Shire, Ruo ndi Mwanza, nakokolola minda ndi midzi, nakwirira malo ena ndi mchenga. Pamene madzi sanafike pafika makina. Mu 2020 inayambika ntchito yokumba ngalande yaikulu ya ulimi wothirira yochokera ku Kapichira kulinga ku Bangula, imene cholinga chake ndi kuthirira mahekitala oposa 40,000. Kumwera nako, njanji ya pakati pa Marka ndi Bangula yafuna kukumba ndi kuunjika dothi kuti ikonzedwenso.

Ngozi ya madzi ikachitika, boma ndi mabungwe amawerenga miyoyo, nyumba, mbeu, ziweto ndi milatho, ndipo n'koyenera kutero pakuti moyo ndiwo uli patsogolo. Koma pali chuma china chimene chimatayika popanda wochiwerenga. Pansi pa minda ya m'chigwachi pagona mabwinja a midzi yakale, madzala ake, ng'anjo zosungunulira chitsulo ndi madooko amene sitima za pamadzi zinkakocheza. Gombe likagumuka kapena khasu la makina likadutsa, zinthu zimene zinagona pamodzi kwa zaka mazana zimabalalika pa tsiku limodzi. Madzi akatayika saoleka.

Mwa zinthu zonse zimene zingavundukuke motere, chonyozeka koposa ndi chidutswa cha kaliwo wadothi. Mwana wa sukulu atachitola akhoza kuchiyesa kachoko kapena kafupa ka mbuzi, nachitaya. Komabe kwa akatswiri ofukula zakale kanthu kameneka n'kamtengo wapatali, chifukwa kamathandiza kuyankha funso lovuta koposa onse mu ntchito yao, funso lakuti: zimenezi zinachitika liti?

Chifukwa chake kaliwo ali wofunika

Njira yotchuka yodziwira zaka za zinthu zofukulidwa ndi ya radiocarbon, imene anaitulukira Willard Libby wa ku America cha kumapeto kwa zaka za m'ma 1940. Chamoyo chilichonse chimalandira mtundu wina wa kaboni wochokera mu mpweya. Chikafa, kaboniyo amayamba kuchepa pa liwiro lodziwika, kotero kuti pakapita zaka 5,730 amatsala theka. Poyeza khala la pa bwinja, akatswiri amadziwa nthawi imene mtengo wake unadulidwa. Njirayi imathandiza kwambiri pa zinthu za zaka chikwi kapena kuposerapo, koma imafooka pa zinthu za pakati pa 1650 ndi 1950, chifukwa m'nyengo imeneyi kuchuluka kwa kaboni uja mu mpweya kunali kusinthasintha. Khala la mu 1700 ndi la mu 1850 akhoza kupereka yankho lofanana.

Tsoka lake n'lakuti zaka zimenezi ndizo zimene chigwa cha Shire chinasintha koposa. Ndizo zaka za ukapolo, za njala yaikulu ya mu 1862 ndi 1863, za kubwera kwa Akololo ndi Azungu, ndiponso za kusamukira kuno kwa Asena ambiri ochokera ku Zambezi. Pamene radiocarbon yalephera, katundu wobwera wokhala ndi chizindikiro cha mmisiri ndiye amalowa m'malo. Mwa katundu wotere kaliwo wadothi amaposa mnzake aliyense pa zifukwa ziwiri. Choyamba, anali wotsika mtengo, woti munthu wamba n'kugula. Chachiwiri, anali wosachedwa kusweka. Mbale yabwino ikhoza kusungidwa ndi agogo, ana ndi adzukulu isanatayidwe, koma kaliwo wadothi kawirikawiri sankatha chaka chimodzi kapena ziwiri ali m'manja mwa mwini wake. Chotero chaka chimene anaumbidwa ndi chaka chimene anatayidwa sizitalikirana kwenikweni.

Umboni wa phindu lake ulipo m'Afirika momwe muno. Ku Oudepost, pafupi ndi Saldanha Bay ku South Africa, kunali kalinga kakang'ono ka Adatchi pakati pa 1669 ndi 1732. Pamene Carmel Schrire anafukula malowo m'zaka za m'ma 1980, zidutswa za akaliwo oumbidwa mu mzinda wa Gouda ku Holland zinathandiza kwambiri polongosola zaka za zinthu zimene zinapezeka.

Msewu wa pamadzi wochokera ku Glasgow

Chigwa cha Shire chinali khomo lolowera m'dziko lino kwa zaka pafupifupi makumi asanu. David Livingstone anakwera mtsinjewu mu 1859 pa sitima yotchedwa Ma Robert, nadutsa kwa Tengani mpaka kufika kwa Chibisa, pafupi ndi pamene pali boma la Chikwawa lero. Bishopu Charles Mackenzie anamwalira mu Januwale 1862 pafupi ndi pamene Ruo amathira mu Shire, ndipo anzake a mishoni anasamuka ku Magomero nakakhala kwa Chibisa, kumene Henry Scudamore ndi Dr. John Dickinson anamwalira mu 1863. Mu 1878 ku Glasgow kunakhazikitsidwa kampani imene pambuyo pake inadziwika ndi dzina lakuti African Lakes, kapena kuti Mandala, yoyendetsedwa ndi John ndi Frederick Moir. Katundu wake ankakwera Zambezi ndi Shire, natsitsidwa pa dooko la kwa Katunga, kumene amtengatenga ankamusenza kukwera naye phiri mpaka ku Blantyre. Chiromo ndi Port Herald, imene lero ndi Nsanje, zinakula chifukwa cha sitima zomwezo, mpaka njanji yofika ku Blantyre inatsegulidwa mu 1908.

M'zaka zomwezo mzinda wa Glasgow unali pakati pa malo otchuka koposa pa ntchito youmba akaliwo a dothi loyera. Mafakitale ake ankawatumiza m'mabokosi ku America, Canada, Australia ndi maiko ena ambiri, ndipo amalinyero, asilikali ndi antchito wamba ndiwo ankawasuta. Pa chifukwa chimenechi malo ngati kwa Katunga, Chiromo ndi dooko lakale la Nsanje ndiwo oyamba kumene munthu wodziwa angayembekezere kuona zidutswa zao.

Kuwerenga chizindikiro

Kaliwo wotere ali ndi mbali ziwiri: mutu, mothira fodya, ndi kampopi kokokera utsi. Ankaumbidwa m'chikombole chachitsulo, monga momwe njerwa imaumbidwira, ndipo amisiri a ku Scotland ankakonda kudinda dzina la kampani mbali imodzi ya kampopi, ndi dzina la mzinda mbali inayo. Pakuti zaka zimene makampaniwa anagwira ntchito zinalembedwa, dzina lokhalo limaika malire.

Kampani ya William Murray inaumba akaliwo kuyambira 1830 mpaka cha m'ma 1861, pamene fakitale yake inapita m'manja mwa Thomas Davidson, amene dzina lake linapitirira mpaka cha m'ma 1910. Chotero chidutswa cholembedwa Murray chitapezeka pa gombe la kwa Chibisa, chingaloze ku nyengo ya Livingstone ndi amishoni oyamba, pamene cholembedwa Davidson sichingakhale cha chaka cha 1861 chisanafike. Makampani ena anakhalitsa. Ya William White inayamba mu 1805 nitsekedwa mu 1955, ndipo ya Duncan McDougall inayamba cha m'ma 1846 nifika m'zaka za m'ma 1960. Pa akaliwo a makampani awiriwa dzina lokha silikwanira, pakuti malire a zaka zoposa zana ndi otakata kwambiri.

Apa mpamene mbali yachiwiri ya kampopi imathandiza. Mu 1890 dziko la America linakhazikitsa lamulo la msonkho lodziwika ndi dzina la McKinley, lolamula kuti kuyambira 1891 katundu wolowa m'dzikomo azilembedwa dzina la dziko lochokera. Amisiri a ku Glasgow, amene msika wao waukulu unali ku America, anayamba kudinda mau akuti Scotland m'malo mwa Glasgow. Chaka cha 1891 ndicho chomwe dziko lino linalowa pansi pa ulamuliro wa Britain, chotero liu limodzi lokhalo likhoza kusonyeza ngati kaliwo ndi wa nthawi ya boma la atsamunda. Komabe pafunika kusamala. Lamulolo linali la ku America, osati la ku Afirika, ndipo mmisiri akanatha kupitiriza kugwiritsa ntchito chikombole chakale pa katundu wopita kwina. Liu lakuti Scotland limatsimikiza kuti kaliwo ndi wa pambuyo pa 1890, koma liu lakuti Glasgow silitsimikiza kotheratu kuti ndi wa chakacho chisanafike.

Chizindikiro china chimapezeka pa akaliwo amene maonekedwe ao analembetsedwa ku boma la Britain kuti ena asabere luso. Kuyambira 1842 mpaka 1883 ankadindapo kachizindikiro ka ngodya zinai kokhala ndi zilembo ndi manambala osonyeza tsiku, mwezi ndi chaka cha kulembetsako. Kuyambira 1884 anayamba kulemba zilembo zakuti Rd zotsatana ndi nambala. Akaliwo a mtengo wolimba wa briar, amene anayamba kutchuka ku Saint-Claude m'dziko la France cha m'ma 1850, nthawi zina amakhala ndi mkombero wasiliva. Siliva wa ku England ankadindidwa chizindikiro cha mzinda umene anayesedwerako, monga nangula wa Birmingham kapena mutu wa nyalugwe wa London, pamodzi ndi chilembo chimene chinkasintha chaka ndi chaka.

Misampha yake

Kuona maso a nkhono n'kudekha. Chizindikiro chikhoza kusocheretsa munthu wopupuluma. Zilembo zakuti TD, zimene ambiri amati zinayamba ndi mmisiri wa ku London wotchedwa Thomas Dormer cha pakati pa zaka za m'ma 1700, zinatchuka kotero kuti makampani ambiri, ngakhale a ku Glasgow, anapitiriza kuzidinda kwa zaka zoposa zana monga dzina la mtundu wa kaliwo. Ku Gouda, kumene bungwe la amisiri a akaliwo linakhazikitsidwa mu 1660, chizindikiro chinali chuma chotheka kugulitsidwa kapena kusiyidwa ngati cholowa, kotero kuti chimodzi chomwecho chinkagwiritsidwa ntchito ndi mibadwo ingapo. Mkombero wasiliva umanena zaka za mkomberowo, ndipo ukhoza kukhala woikidwa pambuyo pake pokonza kaliwo wothyoka. Chizindikiro cha kulembetsa chimanena chaka chimene maonekedwe analembetsedwa, osati chaka chimene kaliwoyo anatuluka mu uvuni.

Palinso njira yoyeza kukula kwa kabowo ka m'kampopi, imene J. C. Harrington anaifotokoza mu 1954, ndipo Lewis Binford anaisandutsa masamu mu 1962. Iwo anaona kuti kabowoka kanali kucheperachepera kuyambira zaka za m'ma 1600 mpaka kumapeto kwa zaka za m'ma 1700. Njirayi imafuna zidutswa zambiri, inakonzedwera akaliwo a ku England, ndipo siigwira ntchito pa akaliwo a zaka za m'ma 1800. Pa madooko a Shire siingathandize kwenikweni.

Pa zonsezi pakutuluka mfundo imodzi yofunika kuigwiritsa. Chizindikiro chimanena chaka choyambirira chimene kanthu kakanatha kupangidwa, ndipo sichinena tsiku limene kanagwa pansi. Chotsalacho chimanenedwa ndi nthaka. Dothi limagona mosanjikizana, lakale pansi, latsopano pamwamba. Kaliwo wa Davidson atapezeka pansi pa dzala, ndiye kuti mapale, mikanda, mafupa ndi zitsulo zonse za pamwamba pake zinatayidwa pambuyo pa 1861. Mwa njira imeneyi kaliwo mmodzi amapereka zaka kwa zinthu mazana zopanda chizindikiro. Koma akangochotsedwa pamalo pake popanda kulemba pamene anali, amatsala akudzinenera yekha, ndipo zinthu zina zonse zija zimabwerera mu mdima.

Akaliwo a eni nthaka

Kusuta sikunabwere ndi sitima za Mandala. Livingstone anapeza Amang'anja akulima kale fodya ndi chamba pamodzi ndi thonje ndi mapira, akusula zitsulo ndi kuomba nsalu. Fodya ndi mbeu ya ku America, imene inafika m'Afirika pambuyo pa chaka cha 1500, ndipo Apwitikizi anali atakhazikika ku Sena ndi ku Tete kuyambira zaka za m'ma 1530. Eni nthaka ankaumba akaliwo ao ndi dothi la komweko, nalowetsamo bango kapena kamtengo kobooka kokokera utsi.

Akaliwo amenewa alibe zilembo, koma sikuti alibe chizindikiro. Kaumbidwe ndi zokongoletsa zake zimayerekezedwa ndi za miphika ya nyengo yomweyo. Akatswiri anagawa miphika yakale ya kumwera kwa Malawi m'magulu otchedwa ndi maina a malo amene inayamba kupezekako: Nkope, imene ndi yakale koposa, Kapeni, Mawudzu, ndi Nkhudzi, imene ndi ya chaposachedwa, cha m'ma 1700 ndi 1800. Keith Robinson, amene anayendera ndi kufukula malo a m'mbali mwa Shire, anatulutsa zopeza zake mu 1973 kudzera ku nthambi ya boma yoona za zinthu zakale. Ku Mankhamba m'boma la Dedza, likulu lakale la Kalonga, Dr. Yusuf Juwayeyi anafukula akaliwo adothi pamodzi ndi mikanda yagalasi, mkuwa, minyanga ya njovu ndi zidutswa za mbale za ku China, ndipo buku lake lofotokoza zimenezi linatuluka mu 2020.

Ngakhale pano msampha ulipo. Munthu akhoza kuganiza kuti kaliwo aliyense ndi wa pambuyo pa kufika kwa fodya. Koma ku Ethiopia kunapezeka akaliwo a zaka za m'ma 1300, ndipo atayezedwa mu 1975 anaonetsa zotsalira za chamba. Ndiye kuti kusuta kunalipo m'Afirika fodya asanafike. Chimene chingasiyanitse kaliwo wa fodya ndi wa chamba ndi mwaye wouma wa m'kati mwa mutu wake, umene umatheka kuyezedwa. Wotsuka kaliwo wakale ndi sopo kuti aoneke bwino amakhala atafufuta umboni umenewu.

Chimene chili pa ngozi

Mbiri yolembedwa ya chigwachi ya pakati pa 1859 ndi 1900 inalembedwa makamaka ndi alendo, amene anaona zimene zinali pafupi ndi sitima zao. Akatswiri a pambuyo pake, monga Elias Mandala amene analemba za ntchito ndi ulimi m'chigwachi mu 1990, ndi Matthew Schoffeleers amene analemba za chipembedzo cha Mbona mu 1992, anaonjezerapo mau a akuluakulu a m'midzi. Mau a akuluakulu amasunga maina ndi zifukwa, koma sasunga zaka. Kodi ndi midzi iti imene inasanduka mabwinja pa njala ya mu 1862? Kodi ng'anjo za Amang'anja zinazima liti, makasu a m'sitolo atafika? Kodi midzi ya mafumu a Chikololo monga Kasisi, Chipatula ndi Mlauli inayamba liti kulandira katundu wa ku Ulaya? Mayankho a mafunso otere, ngati alipobe, ali m'nthaka.

Ndi bwinonso kunena chimene kaliwo sangachite. Iye sanena mtundu wa munthu amene anamusuta. Kaliwo wa ku Glasgow akanatha kukhala wa mmalinyero wa ku Scotland, wa mtengatenga wa Chimang'anja kapena wa wopalasa bwato wa Chisena. Chotero sayenera kutengedwa ngati umboni pa milandu ya malo kapena ya ufumu. Ntchito yake ndi kupereka chaka, basi.

Lamulo loteteza zinthuzi lilipo. Lamulo la Monuments and Relics la mu 1990 limafuna kuti wopeza chinthu chakale adziwitse boma, ndipo limaletsa kufukula malo akale kapena kutulutsa zinthu zotere kunja kwa dziko popanda chilolezo. Nayo World Bank, imene yathandiza ndi ndalama pa ntchito ya ngalande ija, ili ndi mfundo yakuti ogwira ntchito akakumana ndi zinthu zakale mwadzidzidzi aziima kaye ndi kudziwitsa oyenera. Vuto n'lakuti lamulo lilibe maso. Akatswiri a nthambi ya boma ya Museums and Monuments ndi ochepa, ndipo maofesi ao aakulu ali ku Lilongwe ndi ku Blantyre. Woyamba kuona phale kapena kaliwo ndi woyendetsa makina, waganyu wokumba ndi khasu, msodzi, kapena mwana wodutsa pa gombe logumuka popita ku sukulu. Ngati anthu amenewa sadziwa chimene akuona, lamulo silipulumutsa kanthu.

Pamenepa mpamene aphunzitsi ndi achinyamata otsiriza sukulu ali ndi udindo, ndipo udindowo sufuna ndalama. Chinthu chikaoneka pamalo poti sichikokoloka msanga, chisiyidwe pomwepo. Chijambulidwe ndi foni chili pamalo pake, pambali pake pataikidwa rula kapena ndalama yachitsulo yosonyeza kukula kwake. Zilembo zonse zikopedwe m'kope monga momwe zikuonekera, ngakhale zitakhala zoduka, pakuti zilembo zitatu zokha zikhoza kuulula dzina lonse. Palembedwe dzina la mudzi, mtunda wochokera pa chinthu chodziwika monga mlambe kapena mlatho, kuya kwake kuchokera pamwamba pa nthaka, ndi zina zimene zinali pafupi. Ngati madzi ali pafupi kuchitenga, chichotsedwe zonsezi zitalembedwa, chisungidwe chosatsuka m'kathumba kakekake pamodzi ndi kapepala. Kenaka adziwitsidwe anyakwawa ndi ofesi ya bwanamkubwa wa boma. Pamene paoneka mafupa a munthu, pamenepo ndi pamanda, ndipo nkhani yake ndi ya mafumu ndi apolisi, osati ya ana a sukulu.

Amene angaganize zogulitsa adziwe kuti akaliwo adothi anaumbidwa miyandamiyanda, ndipo chidutswa chake pa msika sichingagule ngakhale thumba la chimanga. Phindu lake lonse lili pa malo amene chapezeka.

Kachisi wa Mbona ku Khulubvi ali ndi omulondera, ndipo mu 2011 analowa pa mndandanda wa malo amene dziko la Malawi likufuna kuti bungwe la UNESCO liwazindikire. Manda a amishoni ku Chikwawa ali ndi miyala yolembedwa maina. Koma dzala la mudzi wa anthu wamba lilibe mlonda kapena mwala, ndipo mvula ya chaka chilichonse imadyako gombe. Akuluakulu anati fodya wako ndi amene ali pamphuno, wa pachala ndi wa mphepo. Chimene mphunzitsi wa ku Chiromo kapena wa kwa Katunga adzalemba m'kope lake dzinja lisanafike ndicho chidzatsale.